Kiyibodi yakale ikafika pachikasu, musathamangire mankhwala a tsitsi



Mwezi watha pa Beitbridge ndinapeza mayi wina ali ndi katoni ya makiyibodi akale amene anagula pamene ofesi ina ku Johannesburg inkachotsa zinthu. Onse anali achikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Pambali pake panali mabotolo atatu a kirimu wa peroxide, uja wa ku saluni. Mayiyo anati mwana wake anaona pa YouTube kuti ukapaka n'kuika padzuwa, pulasitiki imayera ngati yatsopano. Sanamunamize, imayeradi. Koma ine ndikuti kwa munthu wogulitsa, nthawi zambiri ntchitoyi imadya phindu m'malo moliwonjezera, ndipo ndikulankhula chifukwa ndinapsa nazo kale.

Chikasucho si litsiro. Makiyibodi ambiri a m'ma 1980 ndi 1990 anapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa ABS. Kuwala kwa dzuwa, kutentha ndi mpweya zimasintha pang'onopang'ono pulasitikiyo pamwamba pake, mtundu n'kutembenuka. Ndiye chifukwa chake ungakweche ndi sopo tsiku lonse osasintha kanthu. Njira ya peroxide inafalikira cha m'ma 2008 pakati pa anthu okonda makompyuta akale monga Amiga ndi Commodore 64, ndipo anaipatsa dzina loti Retr0bright. Iwo ankayeretsa zinthu zawo za m'nyumba. Ife timayeretsa kuti tigulitse, ndipo kusiyana kwagona pamenepo.

Tadzifunseni, kiyibodi yakaleyo mugulitsa kwa ndani? Wa kasitolo kotayipa makalata ku Limbe kapena ku Chipata amangofuna mabatani ogwira ntchito ndi pulagi yolowa pakompyuta yake. Zambiri zakalezi zili ndi pulagi yozungulira ya PS/2, za Apple zili ndi yawoyawo ya ADB, ndiye popanda kachida kolumikizira sazigula n'komwe, ziyere kapena zisayere. Amene amalipira ndalama zooneka ndi uja wosonkhanitsa zinthu zakale, wa ku Cape Town, ku London kapena wa pa eBay. Ameneyo amadziwa katundu kuposa ife. Ambiri a iwo amakonda kulandira chinthu monga chilili kuti akasankhe okha chochita nacho, ndipo akaona kuti chinadutsa m'mankhwala molakwika amatsitsa mtengo pomwepo.

Ine yanga inali Apple Extended Keyboard II, ya mu 1990. Chigoba chake ndi batani lalitali lapansi zinali zachikasu, mabatani ena onse ali oyera bwino. Panthawiyo sindinkadziwa kuti mabataniwo ndi a pulasitiki ina, PBT, imene sisanduka msanga. Ndinapaka kirimu paliponse, n'kukulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuika pa malata. Pofika madzulo chigoba chinali mawangamawanga ngati nkhanga, poyera mbuu apa, pachikasu apo, pomwe kirimu anauma panatsala mizere. Batani lalitali lija linapindika ndi kutentha kwa malata. Munthu amene tinali titagwirizana mtengo ataona zithunzi anangoti zikomo. Ndinaigulitsa pa theka, ndipo wogulayo ankangofuna zam'kati.

Chachiwiri n'choti chikasu chimabwerera. Kwina pakatha miyezi, kwina zaka, ngakhale chinthu chili m'katoni mumdima. Peroxide imangokhudza pamwamba, pulasitiki imakhalabe yokalamba. Ukagulitsa osanena, kasitomala adzaona katundu wake akusanduka patebulo, ndipo ife a malire timadziwa kuti dzina likaipa pa WhatsApp limafika ku Harare usanafike iwe.

Madalaivala, gawo ili ndi lanu. Kirimu wa ku saluni wolembedwa 40 vol ali ndi peroxide ya 12 peresenti, wa 30 vol ndi 9 peresenti, wa 20 vol ndi 6. Pa malamulo a mayiko onse onyamulira katundu woopsa, peroxide ikafika 8 peresenti kupita m'mwamba imawerengedwa m'gulu la 5.1, la zinthu zokolezera moto. Botolo limodzi la munthu wokonza tsitsi si nkhani, koma wina akakupatsani zigubu zopanda chizindikiro n'kuti ndi madzi otsukira, funsani bwino musanakweze. Peroxide ikatenthedwa imatulutsa mpweya, chigubu n'kufufuma. Taganizani lole itaima padzuwa la ku Tete maola asanu, chigubu chili pakati pa mabelo a zovala. Chikadontha, nsalu zatha mtundu, ndipo yamphamvu kwambiri ikanyowetsa makatoni ndi nsalu itha kuyatsa moto. Wolipira adzakhala inu.

Sindikunena kuti njirayi ndi yabodza. Ndaona Amiga 500 yoyeretsedwa bwino ndi munthu wodekha, maso sakhuta. Ngati katunduyo ndi wanu, kapena wogula wapempha yekha, chitani, koma mwadongosolo. Masulani chigoba, chotsani mabatani, zamagetsi ndi zitsulo zonse zikhale kutali chifukwa peroxide imadzetsa dzimbiri. Kumiza m'peroxide yamadzi yofooka m'beseni loonekera mkati kumayeretsa mofanana kusiyana ndi kupaka kirimu. Muzitembenuza, muziyang'ana pafupipafupi, ndipo musaike pa malata kapena pa simenti yotentha. Valani magolovesi, tetezani maso. Yambani ndi batani limodzi kuti muone ngati zilembo sizikufufutika, poti pali makiyibodi amene zilembo zake anangozidinda pamwamba. Jik musamuyandikize n'komwe, ndipo musamusakanize ndi chilichonse. Pogulitsa, nenani kuti yayeretsedwa ndipo onetsani chithunzi cha momwe inalili.

Koma pa makiyibodi khumi amene angadutse m'manja mwanu, ambiri amangofuna madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale. Jambulani kaye kuti musaiwale malo a batani lililonse, zulani mabatani, anyikeni, aume bwinobwino musanabwezere. Mudzadabwa kuti zambiri zimene mumayesa chikasu zinali thukuta la zala ndi utsi wa zaka makumi atatu.

Ndipo musanachite chilichonse, tembenuzani kiyibodiyo muwerenge kumbuyo. Mukapeza yolemera ngati njerwa, yolira kwambiri mukadina, yolembedwa IBM Model M, imeneyo inayamba kupangidwa mu 1985 ndipo mabatani ake ndi a PBT, safuna peroxide. Kapepala ka kumbuyoko kamaonetsa tsiku limene inapangidwa, ndipo ogula amakafunsa asanafunse china chilichonse. Musakanyowetse, musakamatule.

Mayi wa pa Beitbridge uja anali nazo ziwiri zoterozo pansi pa katoni, atazipanikiza ndi mapoto. Tinazikulunga m'zitenje zake, chingwe chilichonse pachokha. Mabotolo a kirimu aja anati akapatsa mlamu wake wa saluni ku Zingwangwa.