Nimu wa m'botolo la pa sitesheni na mano oikilila

Anthu ovala mano oikilila mu Lusaka muno ni ambili kuposa mmene tiganizila. Sakamba cabe. Ena mano anaola, ena anawasiya pa ngozi ya pa mseu, ndipo ambuya athu ambili ku Matero na ku Chawama amadyela nsima mano amenewa. Cimene sakamba kopambana ni vuto limene limabwela pambuyo: kumwamba kwa m'kamwa kufiila, ming'alu m'mbali mwa milomo, na kafungo kamene mnzako wa pa mpando mu basi amakamva, n'kunamizila kuyang'ana pa windo.

Kawilikawili mwini wa mlanduwu ni fangasi wochedwa Candida albicans. Ambili a ise tili naye m'kamwa ndipo sativuta. Koma mano oikilila amapangidwa na pulasitiki ya acrylic, imene ili na tumaenje tosaoneka na maso. Pansi pake m'mofunda, m'monyowa, ndipo mate safikamo bwino. Candida amayala pamenepo cinthu conanda cimene kucukuca na madzi cabe sikucotsa. Odwala shuga, amene ali na HIV, okoka fodya na amene amagona na mano m'kamwa ndiwo amagwidwa msanga.

Manje kuli nkhani yakuti zomela zingathandize, ndipo ine niivomeleza. Si nthano ya ku munzi iyayi. Mu ma clove muli eugenol, mu lemongrass uja wa tiyi muli citral, mu thyme muli thymol, imenenso ili mu Listerine wa m'mashopu. Ofufuza akathila zimenezi pa Candida mu labu, fangasi amaleka kukula. Ku Brazil, madokotala a mano a pa yunivesite ya São Paulo anayesa mankhwala ocapila mano oikilila ocokela ku mafuta a nsatsi, nsatsi imodzimodzi imene imamela yokha kuseli kwa zimbudzi zathu. Nimu nayenso amuyesa maningi, maka-maka ku India. Mapilisi osungunula m'madzi monga Corega na Steradent amacokela kunja, ndipo ambuya a pa penshoni sangawagule mwezi na mwezi. Ndiye cifukwa cake nifuna kuona akatswili athu a pa UNZA atatenga nimu na nsatsi za kuno, kuziyesa, na kutiuza mlingo wake.

Pa mlingo m'pamene nisiyana na aja okwela basi pa Kulima Tower kapena pa City Market na cola ca mabotolo, ati aka kacilitsa BP, kacilitsa mano, kabweza na mwamuna wothawa. Wa mu labu amadziwa kuculuka kwa mankhwala amene ali m'madzi ake, ndipo amaonanso ngati pulasitiki yasintha mtundu kapena yakhakhala. Wa cola sadziwa. Botolo lake lilibe dzina la wopanga, lilibe nambala ya ZAMRA, ndipo mukafuna kumufunsa mailo, ali kale pa basi ya ku Kafue. Mafuta a tea tree ni poizoni ngati mwawameza. Mafuta a clove osasungunula amaocha nkhama. Njele za nsatsi zili na ricin, imene ikhoza kupha munthu, conco osakazisinja kunyumba ati nipange zanga za ku Brazil.

Ndiponso palibe tsamba limene lingagwile nchito ya bulashi. Cotsani mano usiku kuti m'kamwa mupume. Atsukeni na bulashi yofewa na sopo wopanda fungo lamphamvu, cifukwa mankhwala a mu chubu otsukila mano eni-eni amakala pulasitiki, ndipo m'mikwingwilima imeneyo ndimo Candida amabisala. Aikeni m'kapu ya madzi ozizila. Madzi owila amawapinda, ndipo Jik amadya tuwaya tumene tumagwila mano ena.

Ngati m'kamwa mwafiila kale, zamasamba zacedwa. Pitani ku kiliniki, kumene angakupatseni nystatin kapena miconazole na kukupimani shuga. Nyamulani na mano omwe, osacita manyazi. Akacilitsa m'kamwa cabe n'kusiya pulasitiki, fangasi amabwelela mukangowavala, ndipo ngati mano ayamba kugwedela, dokotala afunika kuwakonza kuti aleke kukhuza nkhama.