Ayisikilimu si mkaka, makolo tisanamizidwe ndi kuyera kwake

Amene munapitako mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala kapena Novembala mukudziwa mmene kumatenthera. Dzuwa limafika madigiri 40 mpaka kupitirira, moti ife ochokera kumtunda kozizira kwa Angónia, Tsangano, Dedza ndi Ntcheu timangoyenda thukuta lili kamukamu. Ukamadutsa m'madera ozungulira chigwa cha Nhartanda masana, maso amathamangira mufiriji ya m'sitolo momwe muli timakapu ndi timitengo ta ayisikilimu, amene kumeneko amamutcha sorvete. Palibe cholakwa kumulakalaka. Inenso ndimagula.

Chimene chandipangitsa kulemba ndi maganizo amene ndimawamva kwa makolo ena obwera mumzindamu kudzagulitsa mbatatesi ndi kabichi kapena kudzaonetsa mwana kuchipatala. Iwo amati popeza ayisikilimu ndi woyera ndipo amakoma ngati mkaka, ndiye kuti ndi chakudya chabwino kwa mwana amene akukana phala, kapena wodwala amene waonda. Ndalama yochepa imene inatsala pa thiransipoti imathera pamenepo, kholo mtima uli m'malo kuti mwana wadya chopatsa thanzi. Apa ndi pamene ndikutsutsa.

Tiyeni tione zimene zili m'kapumo. Magalamu 100 a ayisikilimu wamba wa vanila amakhala ndi makalori pafupifupi 200. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amafuna makalori pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku, choncho kapu imodzi yatenga kale gawo limodzi mwa magawo asanu. Mphamvu ilimo ndithu, sindikukana. Funso ndi lakuti ikuchokera kuti. M'magalamu 100 omwewo muli shuga wokwana magalamu 21, mafuta magalamu 11, koma zomanga thupi ndi magalamu atatu ndi theka basi. Shuga ameneyu ndi wofanana ndi masupuni asanu aang'ono a tiyi. Wina ndi wachibadwa wa mumkaka, koma wambiri ndi wochita kuthira kufakitale. Kodi alipo mayi amene angathire masupuni anayi a shuga m'kakapu ka mwana n'kumati wamupatsa chakudya?

Yerekezani ndi dzira limodzi lowiritsa. Lili ndi makalori osakwana 80, koma zomanga thupi magalamu asanu ndi limodzi. Mtedza magalamu 100 uli ndi makalori oposa 550 ndi zomanga thupi magalamu 25, ndiye chifukwa chake alangizi a zaumoyo satopa kutiuza za phala lothira nsinjiro. Mkaka weniweni wodzadza kapu ya tiyi umapereka zomanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa kuposa kakapu ka ayisikilimu, popanda shuga wothira ngakhale supuni imodzi.

Komanso si zonse zimene zili mufiriji ya m'sitolo zimene zinapangidwa ndi mafuta a mkaka. Ayisikilimu wotsika mtengo kawirikawiri amapangidwa ndi madzi, shuga, mkaka waufa pang'ono ndi mafuta ochokera ku zomera monga mgwalangwa, kenaka amathira zonunkhiritsa ndi utoto. Makina amapopeleramo mpweya kuti afewe, ndipo nthawi zina theka la chimene mwagulacho ndi mpweya. Mukanyamula chigubu cha malita awiri mudzamva kuti chikupepuka, sichisiyana kwenikweni ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Timitengo tamitundumitundu tija ndiye n'kosayamba, ndi madzi a shuga oundana chabe.

Zonsezi zimalembedwa pa chikutiro, vuto ndi lakuti n'zachipwitikizi kapena chingerezi, ndiponso zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Mawu akuti valor energético akunena makalori, açúcares ndi shuga, proteínas ndi zomanga thupi, ndipo gordura vegetal akutanthauza kuti mafuta ake si a mkaka. Mukaona nambala yaikulu yotsatana ndi kJ musadzidzimuke, igaweni kanayi ndipo mupeza makalori moyerekeza. Pamndandanda wa zimene anasakaniza, choyamba kulembedwa ndi chimene chachuluka. Mukaona madzi ndi shuga zili patsogolo, mkaka uli kumbuyo, mwadziwa kale chimene mwagwira m'manja.

M'chaka cha 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amadya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, kuwerengera wa mu tiyi wa m'mawa, wa mu zakumwa za m'botolo ndi wa mu thobwa. Kwa mwana ndi pafupifupi theka lake. Mwana wosakwana zaka ziwiri sayenera kupatsidwa zotsekemera zoterezi n'komwe, ndipo akazolowera shuga phala amayamba kulilavula. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Mozambique ndi opinimbira. Mwana wotere chimene chikumuchepera ndi zomanga thupi, ayironi wa m'magazi ndi mavitamini, zinthu zimene ayisikilimu ali nazo pang'ono kwambiri. Achikulire amene ali ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi nawonso asamadzinamize kuti chozizira sichiwerengedwa.

Pali nkhani inanso imene ikukhudza ife a kumalire kuposa a m'tauni. Ayisikilimu amayenera kusungidwa pa madigiri 18 pansi pa ziro. Magetsi akazima kwa maola angapo m'nyengo yotentha ngati ya ku Tete, amasungunuka, ndipo magetsi akabwera amaundananso ngati palibe chachitika. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda, kumangotigoneka. Mukaona kuti wanyala m'kapu, wapindika pa kamtengo, kapena muli timiyala ta madzi oundana pamwamba, musiyeni. Ndipo zomugula mumzinda n'kumukulunga m'chitenje kuti akafike ku Zóbuè kapena ku Calómuè, ulendo wa maola, zimenezo ayi.

Ena anena kuti, nanga bwanji tingogula malambe oundana a m'timapepala amene amayi amagulitsa m'misewu? Pa zakudya zokha, malambe amapambana ndithu. Ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje, ndipo ndi chipatso cha kwathu konkuno limodzi ndi masau. Koma funsani madzi amene anasungunulira. Sitinaiwale kolera imene inayamba ku Malawi m'chaka cha 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu 2023 inavutanso m'chigawo cha Tete. Ngati madzi sanawiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala, firiji siwayeretsa. Kunyumba mungathe kupanga nokha ndi madzi owiritsa, shuga n'kuchepetsa.

Mwana wathanzi amene wadya nsima yake n'kukhuta, mukamugulira kakapu kamodzi tsiku la ulendo wa ku Tete kapena pa Khirisimasi, asangalale, ndipo madzulo atsuke mano. Koma ngati mwanayo akudwala kapena sikelo yake yatsika, ndipo m'thumba mwatsala ndalama yogulira chinthu chimodzi, pitirirani firijiyo. M'chigwa cha Nhartanda momwemo anthu amalima madimba, ndipo masamba ndi tomato zimapezeka m'misika yapafupi pamodzi ndi mazira, mtedza ndi kapenta wa ku Cahora Bassa. Akapitiriza kukana chakudya kwa masiku awiri, kapena akayamba kutupa mapazi, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.