Usilikali wakunja si njira yachidule yopezera unzika

Ulova ukafika povuta, uthenga wa pa WhatsApp wakuti "dziko lakuti likulemba asilikali, pasipoti ndi yomweyo" umakoma ngati uchi. Koma musanatumize ndalama kwa dobadoba, dziwani kuti dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa nkhani ya amene angavale yunifolomu yake.

Ku America khomo ndi lotseka kwa munthu amene ali kuno kumudzi. Kuti ulowe usilikali uyenera kukhala nzika kapena kukhala kale ndi Green Card. Ndiye wina akakuuzani kuti usilikali ukupezerani viza ya ku America, ameneyo akufuna kukudyerani basi.

Britain ndiye imatikhudza kwambiri popeza Malawi ali mu Commonwealth. Mu November 2018, boma la Britain linachotsa lamulo lakuti munthu wa mayiko a Commonwealth akhale atakhalako zaka zisanu asanalembedwe, ndipo linati lizitenga anthu 1,350 pa chaka. Malowo ndi ochepa, ofuna ndi ambirimbiri, ndipo kalembera amatsegulidwa n'kutsekedwanso. Ukalowa, sukhala nzika tsiku lomwelo. Mpaka 2022, msilikali wakunja akamaliza ntchito ankalipira mapaundi 2,389 kuti aloledwe kukhazikika m'dziko limene analitumikira. Ndalamayi inachotsedwa kwa amene agwira zaka zisanu ndi chimodzi kapena kusiya ntchito atavulala, koma mkazi ndi ana sanawaganizire pa kusinthako.

France ili ndi Foreign Legion, yomwe imalandira munthu wa dziko lililonse. Koma uyenera kukaonekera wekha ku France, pa thumba lako, ndipo kontrakiti yoyamba ndi ya zaka zisanu. Unzika umapempha utatumikira zaka zingapo.

Nanga bwanji Russia yokha ikufewetsa zinthu? Mu January 2024, Vladimir Putin anasaina lamulo lolola mlendo amene wasainira usilikali wa chaka chimodzi kupempha unzika. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: nkhondo ya ku Ukraine ikudya anthu. Aneba athu a ku Zambia analira Lemekani Nyirenda, wophunzira wa zaka 23 amene gulu la Wagner linamutulutsa m'ndende ku Russia, n'kukafera ku nkhondoko mu September 2022. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa pali phunziro: dziko likatchipitsa unzika wake kwa msilikali wachilendo, ndiye kuti likusowa anthu oti akhale kutsogolo kwa zipolopolo. Kumene moyo wa msilikali amausamala, mzere umakhala wautali ndipo malamulo amalimba.

Kufuna usilikali wakunja si kulakwa. Koma werengani zofunikira pa webusayiti ya asilikali eni akewo, osati pa positi ya pa Facebook. Palibe gulu la asilikali lenileni limene limalemba anthu kudzera mwa munthu wopempha ndalama pa foni. Ndipo musasaine pepala la chilankhulo chimene simukuchimva. Safunsa anadya phula.