Bodi ikapsa, musafulumire kufufuta madisiki

Wojambula mavidiyo a maukwati ku Chipata, kapena a mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, amadziwa mmene mafailo a makamera amakono amalemerera. N'chifukwa chake RAID 0 imakopa anthu a ntchito imeneyi. Ma hard disk awiri amalumikizidwa kuti azigwira ntchito ngati imodzi, ndipo kompyuta imadula failo m'tizidutswa, kawirikawiri ta 64 KB kapena 128 KB, kena kupita pa disiki iyi, kena pa inayo. Liwiro limakweradi, koma palibe disiki yomwe imasunga failo yaikulu yathunthu.

Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 21 patsiku. Magetsi ozimazima, obwerera mwamphamvu, amatha kupsereza bodi ya kompyuta madisiki n'kutsala amoyo. Ngozi yeniyeni imadza pambuyo pake, pa tebulo la wokonza.

Bodi yatsopano ikaikidwa, Windows imatha kuona madisikiwo ngati opanda kanthu, n'kupempha kuti achitidwe initialize kapena format. Wokonza wapachangu akavomera, amatha kulemba pamwamba pa chidziwitso chosonyeza disiki yoyamba ndi iti, yachiwiri ndi iti, komanso kukula kwa tizidutswa tija. Apa mpofunika kukana.

Wodziwa ntchito amalemba nambala pa disiki iliyonse asanazule waya. Kenako amakopera disiki iliyonse yonse yathunthu ndi pulogalamu yaulere ya ddrescue, n'kumayesera pa makopewo. Ngati RAID inapangidwa pa bodi ya Intel, amafunafuna bodi inanso ya Intel, n'kusintha SATA mu BIOS kuchoka pa AHCI kupita pa RAID. Pa Linux, pulogalamu ya mdadm ili ndi malamulo awiri osafunika kuwasokoneza: assemble imasonkhanitsa zomwe zilipo kale, pomwe create imayala chidziwitso chatsopano pamwamba pa chakale.

Koma ikafa disiki imodzi, kugula ina sikubweza kanthu, chifukwa theka la failo iliyonse yaikulu lapita nayo. RAID 1 imapirira imfa yotere posunga zofanana pa madisiki onse awiri, pomwe RAID 0 inapangidwira liwiro basi. Kusungapo ukwati wa munthu, womwe sudzachitikanso, popanda kope ina n'kusalemekeza amene analipira.

Eni masitudiyo a ku Chipata, gulani UPS, chipangizo cha batire choteteza kompyuta magetsi akazima, ndi disiki yapadera yosungirako makope, ndipo musasiye kompyuta kwa wokonza musanamuuze kuti muli RAID 0.