Agogo akagwa, kuwakhazika pamphasa si mankhwala

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, nkhalamba ikagwa panjira ya kuchitsime kapena pakhomo la chimbudzi, banja siligona lisanagamule. Agogo asapitenso kudimba, asatungenso madzi, azingokhala pakhonde. Ana amatero chifukwa chowakonda makolo awo. Koma munthu wongokhala miyendo yake imafooka msanga, mantha amamulowa, ndipo tsiku limene adzaimirire kuti apite kuseri ndilo tsiku limene adzagwenso.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la OMS, linalengeza mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 mwa anthu 100 alionse mwa iwowa ndi a m'maiko osauka ndi opeza pang'ono. Amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno, banja limayamba kufunafuna galimoto ndi ndalama za ulendo wa kuchipatala chachikulu, kenaka miyezi yogona pamphasa, zilonda za pamsana ndi chibayo. Ambiri sayendanso ngati kale.

Njira yopewera ilipo, ndipo inayesedwa. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, dokotala John Campbell ndi anzake a pa yunivesite ya Otago anakonza masewero olimbitsa miyendo ndi kuphunzitsa thupi kuima osadzandira. Mu 1997 anafalitsa zimene anapeza pa amayi 233 a zaka 80 kapena kuposerapo, amene ena mwa iwo ankachita masewerowa kunyumba kwawo. Atayesa kanayi konse, pa anthu 1,016, anapeza kuti kugwa ndi kuvulala kunachepa ndi 35 pa 100. Mu 2019 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku 108 wa m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti masewero amachepetsa kugwa ndi 23 pa 100.

Masewero a ku Otago safuna bwalo kapena makina. Munthu amadzuka pampando n'kukhalanso, mobwerezabwereza. Amagwira khoma n'kuimirira pa zala za kumapazi, kenaka pa zidendene. Amapinda mawondo pang'ono n'kuwongoka. Amaima ndi mwendo umodzi. Amayenda cham'mbali, chambuyo, ndiponso moika chidendene kutsogolo kwa chala ngati akutsata chingwe. Zonsezi ndi mphindi 30, katatu pa mlungu, kuwonjezapo kuyenda kawiri pa mlungu. Namwino kapena munthu wophunzitsidwa amayendera nkhalamba kunyumba kangapo, n'kumawonjezera kuvuta kwa masewero pang'onopang'ono. Mpando wolimba, chipupa ndi mdzukulu woima pambali n'zokwanira poyambira.

Ena adzaseka. Adzati agogo a kuno anakulira pa khasu, amayenda mtunda wautali kupita kutchalitchi ndi kumsika wa kumalire, nanga masewero a azungu n'ngachiyani? Funsoli n'lomveka. Koma kafukufuku yemweyo sanatsimikize kuti kuyenda kokha kumateteza munthu kuti asagwe. Chimene chinaoneka kuti chimathandiza ndi masewero amene amaphunzitsa thupi kudzigwira likafuna kupendekera. Komanso amene ali pangozi yaikulu si agogo amene akadali kumunda ayi. Ndi aja anasiya khasu atadwala, aja anagwapo kale, aja amadzuka pogwira mzati. Ku New Zealand nakonso phindu lalikulu linaoneka pa a zaka 80 kupita m'tsogolo ndi pa amene anali atagwapo kale.

Tsono ntchitoyi aigwire ndani? Anthu alipo kale. Azaumoyo a m'midzi amayenda khomo ndi khomo pa nkhani za malungo ndi kutsekula m'mimba kwa ana. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma angathe kuwaphunzitsa masewero ochepa amenewa kuti akafika pakhomo aziona ndi agogo omwe. Nkhalamba zimasonkhana tsiku lolandira thandizo la INAS, ndipo zimadikira nthawi yaitali pamthunzi: mphindi zochepa zoonetsa masewero zingapezeke pamenepo. Mabungwe a amayi m'mipingo, amene amayendera odwala, angaphunzirenso. Wailesi za m'madera zingawerengere anthu m'mawa, kuti wina aliyense azitsatira ali pakhomo pake.

Masewero okha sathetsa zonse. Nkhalamba imene imamva chizungulire ikaimirira, imene maso ayamba kuchita khungu, kapena imene imamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iyambe yaonana ndi azachipatala. Njira ya kuchimbudzi ikhale yosalala, yopanda miyala ndi mizu, ndipo tochi izikhala pafupi ndi mphasa usiku. Kachasu nayenso amagwetsa ambiri. Ndipo nkhalamba ikagwa kawiri, banja lisathamangire kuloza chala mnansi kuti walodza. Liyambe laona miyendo, maso ndi njira.

Mafumu ndi anyakwawa akaitana msonkhano wa mudzi, nkhaniyi ilowe pamodzi ndi ya mbewu ndi ya mijigo. Banja lililonse lokhala ndi nkhalamba lisankhe mdzukulu mmodzi woima pambali pa agogo katatu pa mlungu, ndipo ayambe mvula isanagwe, njira zisanayambe kuterera.