Ndalama za Maliro Zipulumutse Amoyo

M'dziko la America, m'chigawo cha mapiri ndi migodi ya malasha chotchedwa West Virginia, muli katawuni kena dzina lake Kermit. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 400, ochepa kuposa amene amasonkhana pa Jumu'a m'mizikiti ikuluikulu ya ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Koma m'zaka ziwiri zokha, makampani opikulitsa mankhwala anatumiza mapiritsi amphamvu opha ululu pafupifupi 9 miliyoni ku sitolo imodzi ya mankhwala ya m'katawuniko. Mtolankhani Eric Eyre, amene anavumbula nkhaniyi mu 2016, anapezanso kuti pakati pa 2007 ndi 2012 chigawo chonsecho chinalandira mapiritsi oterewa okwana 780 miliyoni, ndipo m'zaka zomwezo anthu 1,728 anamwalira atamwa mapiritsiwo mopyola muyezo.

Lero makampani amene anachita malonda amenewa akulipira ndalama zankhaninkhani, ndipo maboma a ku America ali pa mtsutso wa momwe azigwiritsire ntchito. Ife tikuti ndalama zimenezi ndi za maliro. Aliyense wozigwira ndi msungi chabe, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kupulumutsa amene akadali moyo ndi kusamalira amene akufawo anawasiya.

Tiyambe ndi gwero la vutoli. Mankhwala a gulu lotchedwa opioid amachokera ku utomoni wa duwa la popi, ndipo ena amapangidwa m'fakitale motsanzira utomoniwo. Morphine, codeine, tramadol, heroin ndi fentanyl onse ndi a banja limeneli. Dokotala akawapereka mwa muyezo amatonthoza ululu woopsa, monga wa khansa kapena wa pambuyo pa opaleshoni. Koma thupi limawazolowera msanga, limayamba kufuna ochulukirapo, ndipo munthu akawasowa amagwidwa chibaba chosautsa: kutuluka thukuta, kusanza, kuphwanya m'mafupa ndi kusowa tulo. Akachuluka m'magazi amafooketsa kapumidwe mpaka munthu kutsirizika ali m'tulo.

Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma, ya banja la a Sackler, inayamba kugulitsa piritsi lotchedwa OxyContin. Otsatsa malonda ake ankayendera madokotala n'kumawatsimikizira kuti mwa odwala 100 sipangapezeke ndi mmodzi yemwe wokodwa m'chizolowezi. Linali bodza, ndipo mu 2007 kampaniyo inavomera mlandu wosocheretsa anthu n'kulipira madola pafupifupi 600 miliyoni. Malonda sanaleke. Ambiri mwa amene anakodwa sanali anthu a kumowa kapena a m'misewu. Anali amuna ovulala msana kumgodi, amayi ochitidwa opaleshoni, achinyamata othyoka mwendo kumpira. Mapiritsi atayamba kuvuta kupeza cha mu 2010, ambiri anatembenukira ku heroin, ndipo kuyambira 2013 kunafika fentanyl wopangidwa mobisa, amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50. Kuchokera mu 1999 kufika mu 2022, anthu opitirira 700,000 anafa ndi mankhwala a gulu limeneli m'dzikomo.

Zigawo, mizinda ndi mitundu ya eni nthaka a dzikolo inakasuma ku makhoti, milandu masauzande. Mu 2021 makampani atatu opikulitsa mankhwala, McKesson, Cardinal Health ndi AmerisourceBergen, anavomera kulipira madola 21 biliyoni m'zaka 18, ndipo Johnson & Johnson inavomera madola 5 biliyoni. Mu 2022 masitolo akuluakulu a CVS, Walgreens ndi Walmart anavomera madola opitirira 13 biliyoni onse pamodzi. Tikaphatikiza mapangano onse, ndalamazo zikupitirira madola 50 biliyoni. Ambiri mwa makampaniwa analipira popanda kuvomera kuti analakwa.

Ife Asilamu nkhani ya kulipira moyo wa munthu si yachilendo. M'malamulo a chipembedzo chathu muli diya, chipukuta misozi chimene woononga moyo amapereka, ndipo mwini wake amadziwika: ndi banja la womwalirayo. Ku America zinthu zayenda mwina. Amene anasuma m'milandu ikuluikuluyi ndi maboma, ndipo gawo lalikulu la ndalama likupita m'thumba la maboma, pomwe mayi amene anaika mwana wake m'manda akulandira pang'ono, kapena osalandira kalikonse. Pali chifukwa chomveka, pakuti zipatala, ndende ndi maofesi osamalira ana amasiye ndi amene anasenza mtolo wa mliriwu. Komabe tanthauzo lake n'lakuti boma lagwira chuma chimene mtengo wake unali magazi a ana a eni. Chuma chotere ndi amana. Wosunga amana saigwiritsa ntchito pa zofuna zake, ngakhale zofunazo zikhale zabwino chotani.

Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti dziko lomweli linakhumudwapo kale pa mwala womwewu. Mu 1998 makampani a fodya anagwirizana ndi zigawo 46 kuti alipira madola 206 biliyoni m'zaka 25 chifukwa cha matenda obwera ndi kusuta. Anthu ankayembekeza kuti ndalamazo zithandiza osuta kuleka ndi kuteteza ana. Panganolo silinamange maboma manja, ndipo m'zaka zambiri ndalama zimene zinapita ku ntchito yolimbana ndi kusuta sizinakwane ngakhale madola atatu pa 100 alionse a ndalama za fodya. Zotsalazo zinatseka mabowo a bajeti, zinakonza misewu, zinabweza ngongole. Palibe amene anamangidwa chifukwa cha kuba, popeza zonse zinali zololedwa ndi lamulo. Koma cholinga chinatayika.

Olemba mapangano a opioid anaphunzirapo kanthu. Anaika lamulo lakuti madola osachepera 85 pa 100 alionse apite ku ntchito zochepetsa mliriwu, ndipo analemba mndandanda wa ntchito zovomerezeka. Ichi tikuchiyamikira. Koma mpanda umenewu uli ndi mipata iwiri. Woyamba ndi wakuti mawu akuti kuchepetsa mliri amatanuka ngati lasitiki. Atolankhani a KFF Health News, amene akhala akulondola ndalamazi, anapeza madera amene anagulira magalimoto a polisi ndi makina ofufuzira akaidi m'ndende. Chigawo cha Louisiana chinapatula madola 20 pa 100 alionse kupereka kwa akuluakulu a polisi a m'maboma ake. Sitikunyoza ntchito ya apolisi, koma apolisi ali ndi bajeti yawo yochokera ku misonkho, ndipo America yakhala ikumanga ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo kwa zaka zoposa 50 osathetsa vutolo.

Mpata wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Khonsolo imene inkalipira kale anamwino awiri othandiza okodwa m'chizolowezi ikhoza kuyamba kuwalipira ndi ndalama za panganolo, n'kutenga ndalama zakalezo kukachitira zina. Pa pepala zonse zikuoneka bwino, koma anamwino akadali awiri omwewo ndipo wodwala sanapindule kanthu. N'chimodzimodzi munthu wolandira chopereka cha pa maliro n'kukabwezera ngongole yake ya kugolosale, akunena kuti nsalu ya sanda anali atagula kale.

Nanga ndalamazi zipite kuti? Poyamba zipite ku chimene chimaletsa imfa lero lomwe. Naloxone ndi mankhwala opopera m'mphuno amene amadzutsa munthu woledzera ndi opioid m'mphindi zochepa, ndipo kuyambira 2023 ku America akugulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Kuwagawa m'mabanja, m'sukulu ndi kwa otuluka m'ndende n'kotsika mtengo poyerekeza ndi galimoto imodzi ya polisi. Kachiwiri zipite ku chithandizo chenicheni. Methadone ndi buprenorphine ndi mankhwala amene amaziziritsa chibaba popanda kumusiya munthu ali chiledzerere, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti amachepetsa ngozi ya imfa ndi pafupifupi theka. Ngakhale zili choncho, ambiri mwa ofunika chithandizochi m'dzikomo sachilandira, makamaka akumidzi, kumene chipatala chili kutali ndipo wodwala ayenera kupitako pafupifupi tsiku lililonse.

Tikudziwa kuti ena mwa owerenga athu afunsa kuti: kodi kumeneku si kuchotsa choledzeretsa china n'kuikapo chinzake? Funsoli ndi la munthu woopa Mulungu, ndipo tiliyankha mwaulemu. Chinthu chimodzi chomwecho chimakhala poizoni m'manja mwa wogulitsa mobisa, n'kukhala mankhwala m'manja mwa dokotala amene akuyeza, kuyang'anira ndi kuchepetsa pamene thupi lalola. Munthu wa pa methadone amadzuka m'mawa, amapita kuntchito, amalera ana ake. Tikumbukirenso kuti mowa sunaletsedwe tsiku limodzi pakati pa Asilamu oyambirira. Lamulo linadza pang'onopang'ono, molingana ndi kufooka kwa munthu. Kuumiriza wodwala kuti aleke lero lomwe popanda chomuchirikiza kumakhala ndi ngozi yake: thupi likasiya kuzolowera, muyezo umene ankamwa kale umakhala wakupha tsiku limene wagwanso. N'chifukwa chake masabata oyamba munthu atatuluka m'ndende ali oopsa koposa.

Kachitatu zipite kwa osiyidwa. M'madera ngati West Virginia muli agogo ambiri amene akulera zidzukulu chifukwa makolo ake anafa kapena ali m'ndende, ndipo muli makanda obadwa ali kale ndi chibaba cha mankhwala amene mayi ankamwa ali woyembekezera. Ife a kunyanja kuno, amene tinaona agogo akulera ana amasiye m'zaka zowawitsa za Edzi, sitifunika wotifotokozera kulemera kwa mtolo umenewo. Ngati pali woyenera kuyamba kulawa chipukuta misozi chimenechi, ndi iwowa.

Zonsezi sizingatheke mumdima. Chigawo cha North Carolina chinapereka madola 85 pa 100 alionse ku maboma ake ang'onoang'ono ndipo chinaika pa intaneti malo amene munthu aliyense angaone zimene dera lake lalandira ndi momwe lazigwiritsira ntchito. M'zigawo zina kupeza nkhani yotere n'kovuta. Ife tikuti khobidi lililonse liwerengedwe poyera, ndipo m'makomiti ogawa ndalamazi mukhale makolo oferedwa ndi anthu amene anachira. Iwo akudziwa pamene chithandizo chimadukira, kuposa wandale aliyense. Ndalamanso si zosatha. Madola 50 biliyoni akagawidwa m'zaka 18 sakwana 3 biliyoni pachaka, m'dziko la anthu opitirira 330 miliyoni. Imfa zochokera ku mankhwala ozunguza bongo, zimene zinkapitirira 100,000 pachaka kuyambira 2021 mpaka 2023, zinatsika kufika pafupifupi 80,000 mu 2024. Kutsikako n'kosangalatsa, koma kukhozanso kunyenga atsogoleri kuti moto wazima, n'kuyamba kupatutsa ndalama.

Palinso phunziro la banja la a Sackler. Iwo anavomera kulipira mabiliyoni pokhapokha atatetezedwa ku milandu yonse ya mtsogolo yokhudza mankhwalawa, ngakhale ya anthu amene sanavomereze panganolo. Mu June 2024 khoti lalikulu la dzikolo linakana, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, ndipo mu 2025 kunabwera pangano latsopano la madola 7.4 biliyoni. Chigamulocho chinachedwetsa ndalama zimene odwala ankazidikira, ndipo zimenezo zinapweteka. Komabe mfundo yake ndi yoongoka: wolakwiridwa ndi amene ali ndi mphamvu yokhululuka, ndipo palibe angakhululuke m'malo mwake iye asanafunsidwe.

Wina anganene kuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja yamchere. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata athu ambiri ali ku Joni, kumene nyaope, wosakaniza ndi heroin, wasakaza achinyamata m'makomboni. Dziko la Nigeria linaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018 ataona ana asukulu akuwamwa ngati zakumwa, ndipo tramadol wavutitsa mayiko ambiri a kuzambwe kwa Africa. Kusiyana kwake n'kwakuti mliri wotere ukafika kuno, palibe kampani imene idzatilipire mabiliyoni. Chitetezo chathu ndi kusagula mankhwala opha ululu amphamvu pamsika kapena kwa oyenda nawo m'zikwama, kusagawana mapiritsi otsala kwa wodwala wina, ndi kumutengera kuchipatala mwana amene wakodwa m'malo momubisa kuopa manyazi. Pochenjerapo tisalakwire mbali ina: wodwala khansa amene dokotala wamulembera morphine amwe popanda mantha, pakuti vuto lalikulu la kuno ndi kusowa kwa mankhwala otonthoza ululu.

Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe biliyoni imene idzabweze mwana wa mayi wa ku Kermit. Chimene atsogoleri a ku America angachite n'kuonetsetsa kuti pofika chaka chimene khobidi lomaliza lidzalipidwa, adzathe kuloza zipatala zimene zinatsegulidwa, odwala amene anachira ndi ana amasiye amene anaphunzira. Akadzaloza magalimoto ndi misewu, adzakhala atadya amana, ndipo wodya amana amakayankha, kaya pano kaya pamaso pa Mwini wake wa miyoyo imeneyo.