Geji yowonjezera: mulole injini ikuuzeni isanafe

Pa ntchito yanga yothandiza mabanja kuno ku Britain ndaona nyumba zambiri zikugwedezeka, ndipo chifukwa chimodzi chimene sitichitchula kawirikawiri pa misonkhano yathu ndi kufa kwa galimoto. Taganizani za mayi wosamalira okalamba amene amayendera makomo ambiri tsiku lililonse. Galimoto yake ikangoima, maola a ntchito atayika, lendi yatsalira, ndipo kandalama kopita kumudzi mwezi umenewo palibe. N'chifukwa chake lero ndafuna tikambirane za kachipangizo kamene ambiri amakayesa choseweretsa cha anyamata okonda liwiro, ndiko geji yowonjezera yosonyeza mmene injini ikuyendera. Ine ndikuti banja lililonse lodalira galimoto yakale liyenera kukhala nayo, komanso liyenera kudziwa pamene nzeru zake zimathera.

Zimenezi ndidaziphunzira mowawa. Tsiku lina m'nyengo yozizira, ndili pa ulendo wokaona banja lina, nyale yofiira idayaka, ndipo ndisanapeze poima nthunzi idayamba kufuka kutsogolo. Galimoto yangayo, monga zambiri za masiku ano, idalibe muvi wosonyeza kutentha kwa madzi. Idali ndi nyale yokha, imene imayaka zinthu zitaipa kale. Thermostat idakanirira yotseka, madzi adawira, gasiketi idapsa, ndipo mtengo wokonzetsera udaposa mtengo wa galimotoyo. Chimene chidandipweteka koposa ndi mawu a amakaniko, akuti kompyuta ya m'galimotomo inkadziwa za kutenthako mphindi iliyonse, koma idalibe pondiuzira.

Pamenepa ndi pamene geji imagwirira ntchito. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mano 16 kotchedwa OBD-II, kamene amakaniko amalumikizapo makina awo. Ku United States kabowoka kadakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira 1996. Ku Ulaya lamulo lofanana nalo lidafika mu 2001 pa galimoto za petulo, ndi mu 2004 pa za dizilo. Choncho galimoto zambiri zakale zimene timagula zili nako. Mageji alipo a mitundu iwiri. Ena, monga ScanGauge, ali ndi kagalasi kawokawo kolembapo manambala. Ena ndi timabokosi totchipa ta mtundu wa ELM327, timene timatumiza manambalawo ku foni kudzera pa Bluetooth.

Kuika kwake sikulira kudula waya. Zimitsani injini, lowetsani pulagi pa kabowoko, lizani galimoto, ndipo dikirani pang'ono kuti geji imvane ndi kompyuta. Chofunika kusamala ndi malo. Chingwe chisalendewere kumapazi kumene chingakole buleki. Geji isatchinge msewu, ndiponso isakhale pamwamba pa airbag. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, ikhale pa choikapo chake, pakuti kuyambira March 2022 lamulo loletsa kugwira foni poyendetsa lidakhwimitsidwa kuno. Ngati pa kabowoko mwapezapo kale kabokosi ka kampani ya inshuwalansi, musakazule musanawafunse eni ake. Dziwaninso kuti kabowoka kamakhala ndi magetsi ngakhale injini itazima, kotero timabokosi tina totchipa timamaliza batire galimoto ikakhala masiku ambiri osayenda. Ndipo mukafuna kutumizira m'bale kumudzi, ayambe wayesa, chifukwa galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizimvana ndi mageji ena.

Mukaika, sabata yoyamba ingoyang'anani kuti mudziwe khalidwe la galimoto yanu ili bwino. Pa injini zambiri madzi amakhazikika pakati pa madigiri 85 ndi 105. Mukaona nambala ikupitirira pamene imakhala masiku onse, makamaka pa chitunda kapena pa mzere wa galimoto, imani pamalo abwino ndi kuzimitsa. Musatsegule chivindikiro cha madzi injini ili yotentha, mungapse nkhope. Nambala ikamakana kukwera ngakhale mwayenda mtunda wautali, mwina thermostat yakanirira yotsegula, ndipo mafuta akungopita. Yang'ananinso magetsi. Batire yabwino imasonyeza pafupifupi ma volts 12.6 injini itazima, ndipo pa galimoto zambiri imakwera kufika cha m'ma 14 injini ikulira. Ikamatsikirabe mukuyenda, ndiye kuti alternator ikutsanzika. Munthu wotuluka ntchito usiku pakati ayenera kudziwa zimenezi masana, asanatsakamire mumdima.

Geji imawerenganso zizindikiro za vuto nyale yachikasu ikayaka. P0300 imatanthauza kuti injini ikuphonya, P0420 imanena za catalytic converter, ndipo P0128 imanena kuti madzi sakutentha mokwanira. Ndaona amayi ndi abambo ophunzira bwino akuchita manyazi ku garaja chifukwa cha kalankhulidwe ka Chingerezi cha kuno, n'kungovomera chilichonse. Safunsa adadya phula. Munthu wofika atalemba nambala papepala amafunsa mafunso oyenera, ndipo amakaniko oona mtima amakondwera naye.

Alipo amene amatsutsa, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Ena amati manambala amasokoneza woyendetsa. N'zoona, ndipo yankho lake ndi kusankha ziwiri zokha, kutentha ndi magetsi, ndi kutchera belu lochenjeza ngati geji yanu ili nalo. Ena amati geji imanamiza munthu kuti wasanduka makaniko. Apanso pali choonadi. Nambala ya vuto imaloza kumene kukupweteka, koma sinena chachititsa. P0420 itha kubwera chifukwa cha sensa yotopa kapena paipi ya utsi yobooka, ndipo wothamangira kugula chipangizo chodula amataya ndalama. Komanso pa galimoto zambiri geji ya pa kabowoka sionetsa mphamvu ya oyilo. Imeneyo imafuna geji ina yokhala ndi sensa yakeyake, ndipo ntchito yoiika ndi ya amakaniko. Kuyeza oyilo ndi madzi ndi manja anu sikunathe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachikhalire chete. Mageji amenewa amatha kufufuta nambala ya vuto ndi kuzimitsa nyale. Kuyambira May 2018, nyale ya injini ikakhala yoyaka, galimoto zambiri zimalephera MOT, ndipo ena aphunzira kuizimitsa m'mawa wa tsiku loyezetsa. Ena amaizimitsa pogulitsa galimoto kwa mnzathu amene wangofika kumene, amene amawakhulupirira chifukwa cholankhula chinenero chimodzi. Uku ndi kuba, ndipo obedwayo ndi amene alibe pothawira. Nyale idzayakanso, pakuti matenda ali pomwepo. Inu ogula, tengani geji yanu pokaona galimoto. Mageji ambiri amasonyeza ngati kompyuta sinamalize kudziyeza, chizindikiro chakuti mwina wina wafufuta posachedwa kapena wachotsa batire. Pamenepo funsani.

Pomaliza, abale anga, geji sikonza galimoto. Imangokupatsani nthawi, mwina masiku angapo, mwina mphindi zisanu zokha, yoti muchitepo kanthu vuto lidakali laling'ono. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ikakuchenjezani, musati ndidzaona mwezi ukatha. Imbirani amakaniko tsiku lomwelo, pakuti galimoto imeneyo yasenza ntchito yanu, sukulu ya ana, ndi anthu amene akukudikirani pakhomo.